Kodi kuyeza majini m'magazi kungaulule khansa ya m'mapapo?

Funso

Adokotala, bambo anga ali ndi zaka 64 ndipo akhala akusuta chingambwe kuyambira ali mnyamata. Atsokomola kwa miyezi isanu, aonda, ndipo nthawi zina makhololo amatuluka ndi timagazi. Anawayeza makhololo kawiri koma TB sinapezeke. Ataona chithunzi cha X-ray anawayambitsabe mankhwala a TB, koma papita miyezi iwiri popanda kusintha. Achimwene anga amene ali ku Johannesburg akuti masiku ano kuli njira yoyeza majini m'magazi imene imaulula khansa ya m'mapapo popanda kumuboola munthu, ndipo akufuna kutumiza ndalama zoti tiyezetse. Kodi ndi zoona? Nanga anafe tikayezetsenso, popeza akuti ndi nkhani ya majini?

Yankho

Pepani ndi matenda, amayi. Mwachita bwino kufunsa ndalamazo zisanatumizidwe.

Achimwene anu sananame, njira zoyeza majini zilipodi, ndipo zasintha kwambiri mmene timachizira khansa ya m'mapapo. Koma ndalama zawo zisayambire kumeneko. Zimene bambo akufunika panopa ndi ziwiri: kujambulidwa pachifuwa ndi makina a CT, amene amaonetsa m'kati mwa thupi bwino kuposa X-ray wamba, ndi kutapidwa kanyama pamalo amene pali chotupacho kuti akakaunike kulabu. Kuyeza majini kumabwera pambuyo pa zimenezi, ndipo mukayambira kumapeto mukhoza kutaya ndalama, kutayanso masabata amene bambo alibe.

Ndiyambe ndi chinthu chimene mukuchidziwa kale. Makhololo a bambo aja mwina anayezedwa ndi makina a GeneXpert, amene bungwe la WHO linawavomereza mu 2010 ndipo tsopano ali m'zipatala za maboma. Makinawa safuna kachilombo ka TB ndi maso. Amafuna DNA ya kachilomboko, kutanthauza malangizo a chibadwa chake, ndipo m'maola awiri amanenanso ngati jini yake ina yasintha moti mankhwala a TB otchedwa rifampicin sangakaphe. Choncho bambo anayezedwa kale majini, koma majini a kachilombo, osati awo. Pa khansa palibe kachilombo kochokera kunja koti tikasake. Tikusaka kusintha kumene kwachitika m'maselo a munthu mwiniwakeyo, n'chifukwa chake ntchito yake ndi yovuta kwambiri.

Selo lililonse m'thupi lili ndi malangizo olembedwa mu DNA, ndipo jini ndi kachigawo ka malangizowo. Majini ena amauza selo nthawi yoti ligawikane, ena amaliuza kuti lisiye. Utsi wa fodya ukamadutsa m'njira za mpweya chaka ndi chaka, umawononga malangizo amenewa pang'onopang'ono. Tsiku lina selo limodzi limangoyamba kugawikana osasiya, ndiye chotupa chayamba. Apa ndiyankhiretu funso lanu lachiwiri. Kusintha kotereku kumachitika m'chotupamo mokha. Sikunali m'thupi la bambo pobadwa, ndipo sanakupatsireni inu ana. Pali mabanja ochepa kwambiri padziko lapansi amene amabadwa ndi jini yopereka khansa ya m'mapapo, koma si chifukwa choti inu mukayezetse. N'zoona kuti mwana wa munthu amene anadwala khansa imeneyi amakhala pachiopsezo chokwererapo pang'ono, koma gawo lina la chiopsezocho ndi utsi umene anakulira nawo m'nyumba. Ngati pali wina mwa inu amene amasuta, thandizo lake ndi kusiya fodya, osati kuyezetsa magazi.

Tsopano pa zimene achimwene anamva. Mawu oti "kuyeza majini" amanena zinthu zitatu zosiyana, ndipo otsatsa malonda pa intaneti amakonda kuzisakaniza.

Choyamba ndi chimene anthu ambiri amachilakalaka: kutenga magazi a munthu amene sakudwala n'kupeza khansa isanaonekere. Maselo a chotupa akamafa amataya tizidutswa ta DNA m'magazi, ndipo makina amatha kutiwerenga. Yotchuka kwambiri ndi Galleri, ya kampani ya GRAIL ya ku America, imene ku England anayamba kuiyesa mu 2021 pa anthu pafupifupi 140,000. Vuto lake ndi loti chotupa chaching'ono chimataya DNA yochepa zedi. M'kabotolo ka magazi muli tizidutswa tambirimbiri tochokera m'maselo abwinobwino, ndipo ta chotupa chongoyamba kumene nthawi zambiri sitikwana n'kamodzi komwe pa 1,000 tilitonse. Kuli ngati kusaka njere zingapo za mawere m'thumba la chimanga potapa chikho chimodzi chokha. Mwina m'chikhomo simugweramo njere ndi imodzi yomwe. Pa kafukufuku amene kampaniyo inafalitsa mu 2021, njirayi inapeza khansa zosakwana 20 pa 100 zilizonse zimene zinali pa siteji yoyamba, pomwe zofalikira kale inkazipeza pafupifupi 90 pa 100. Imagwira bwino khansa itakula, koma imaphonya kwambiri panthawi imene dokotala wa opaleshoni akanatha kuichotsa yonse. Palinso china. Munthu akamakalamba maselo ake a magazi nawonso amayamba kusintha majini, ndipo kusintha kumeneku kumatha kuoneka pa zotsatira ngakhale m'mapapo mulibe kanthu.

Chimene chatsimikizika kuti chimapulumutsa miyoyo pofufuza anthu osuta amene sanayambe kudwala ndi CT ya mphamvu yochepa. Kafukufuku wa ku America wa anthu oposa 53,000, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2011, anaonetsa kuti imfa za khansa ya m'mapapo zinatsika ndi 20 pa 100 poyerekeza ndi kujambula X-ray wamba. Wina wa ku Netherlands ndi Belgium anapeza zofanana mu 2020. Koma zonsezi ndi za anthu amene sakumva kalikonse m'thupi. Bambo anu adutsa kale pamenepo. Akutsokomola magazi, aonda, ndipo pa X-ray pali chithunzithunzi. Magazi atanena kuti palibe kanthu, sindingakhulupirire, ndingafunebe kanyama. Atanena kuti chilipo, ndingafunebe kanyama kuti ndidziwe mtundu wake. Njira zonse ziwiri zikukafika pakhomo limodzi, ndiye kulipirira chiyani?

Chachiwiri sichidziwika kwambiri, koma ine chimandichititsa chidwi. Nthawi zina dokotala amalowetsa kapaipi kokhala ndi kamera kudzera m'mphuno kapena m'kamwa mpaka m'njira za mpweya, zimene timati bronchoscopy, koma chotupa chili kumphepete kwa mapapo kumene kapaipiko sikafika. Amatuluka wopanda yankho. Kenako amayenera kusankha: kubaya singano pachifuwa, kumene nthawi zina kumaphwetsa phapo, kapena kudikira miyezi n'kujambulanso. Dokotala wina wa ku Boston University, Avrum Spira, ndi anzake anaona kuti utsi suwononga pamalo amodzi okha. Umasiya chizindikiro m'njira yonse imene wadutsa, moti maselo ooneka abwinobwino a kumtunda amagwiritsa ntchito majini awo mosiyana ngati kumunsi kuli khansa. Ndiye pa bronchoscopy pomwepo amapalapala khoma la njira yaikulu ya mpweya ndi kaburashi kakang'ono, n'kuyeza mmene majini 23 akugwirira ntchito. Pa kafukufuku wa odwala 639 amene anafalitsidwa mu 2015, bronchoscopy payokha inkapeza khansa pafupifupi 75 pa 100, koma ataphatikiza ndi kuyeza kumeneku zinafika 96 mpaka 98 pa 100. Njirayi inagulitsidwa ku America ndi dzina loti Percepta.

Musathamangire manambala amenewo. Mwa anthu amene analibe khansa, oposa theka inawaika m'gulu lokayikitsa. Phindu lake lenileni ndi kuuza dokotala kuti munthu uyu angathe kudikira osabayidwa singano. Siinena kuti munthu ali ndi khansa, siinena mtundu wake, ndipo siisankha mankhwala. Kwa munthu amene zizindikiro zake ndi zoonekeratu ngati za bambo, sitingadikire ngakhale itatuluka bwino.

Chachitatu ndiye chimene ndikufuna achimwene anu asungire ndalama zawo, ngati zinthu zifika pamenepo. Uku ndi kuyeza majini a chotupa chimene chatsimikizika kale kuti ndi khansa, pofuna kudziwa chimene chikuchikulitsa.

Nkhani yake inayamba mu 2004. Panali mankhwala a mapiritsi otchedwa gefitinib amene ankakhumudwitsa madokotala, chifukwa odwala ambiri sankawathandiza. Koma panali ochepa amene ankachita kudzuka pabedi, zotupa zitaphwa m'masabata ochepa, ndipo ambiri mwa iwo anali amayi, anthu osasuta ndi anthu a kum'mawa kwa Asia. Magulu a akatswiri ku Boston ndi ku New York anawerenga DNA ya zotupa za anthu amenewa n'kupeza kuti jini yotchedwa EGFR inali itasintha, moti inkangolamula selo kugawikana usana ndi usiku. Mankhwala aja ankatseka lamulo limeneli. Mu 2009 kafukufuku wa ku Asia wotsogozedwa ndi Tony Mok wa ku Hong Kong anaonetsa kusiyana kumene ine ndimauza banja lililonse lofuna kugula mapiritsiwa mwachisawawa. Mwa odwala amene jini yawo ya EGFR inali itasintha, zotupa zinaphwa mwa 71 pa 100. Mwa amene inali isanasinthe, zinaphwa mwa mmodzi yekha pa 100, ndipo iwowa kemo wamba, mankhwala opha maselo a khansa amene kawirikawiri amaperekedwa m'diripi, inawathandiza kuposa mapiritsiwo. Choncho ndikupemphani, wina asakutumizireni mankhwala amenewa kuchokera kunja kuti "muyesere" musanayeze. Ndi ndalama zambiri, ndipo kwa munthu wosayenera zimangomuchedwetsa kulandira chithandizo chomuyenera.

Pambuyo pa EGFR panatulukira majini ena. Mu 2007 gulu la Hiroyuki Mano ku Japan linapeza kuti jini ya ALK imatha kuduka n'kulumikizana ndi jini ina, zimene zimapezeka mwa odwala atatu mpaka asanu pa 100, kawirikawiri ocheperapo zaka komanso osasuta. Mankhwala ake oyamba, crizotinib, anavomerezedwa mu 2011, ndipo atsopano monga alectinib ndi lorlatinib akusunga anthu ena zaka zisanu kapena kuposa matenda osakula. Palinso ROS1, BRAF, MET, RET ndi ena, ndipo mu 2021 kunabwera sotorasib wa mtundu umodzi wa kusintha kwa jini ya KRAS, imene imapezeka kwambiri mwa osuta. Pa khansa imene yafalikira kale mankhwalawa sachiziratu. Chotupa chimadzapeza njira yozembera, nthawi zambiri pakatha chaka kapena ziwiri, ndipo pamafunika kuyezanso. Koma munthu amene amamwa piritsi kunyumba, akupuma bwino n'kumayendera munda wake kwa chaka china, wapindula chinthu chachikulu, ndipo ine sindichiyesa chaching'ono.

Apa mpamene magazi amathandizadi. Mu 2016 bungwe la FDA, loyang'anira mankhwala ku America, linavomereza njira yoyamba yoyezera EGFR m'magazi, ndipo mu 2020 linavomereza zina zoyeza majini ambiri nthawi imodzi. Timazigwiritsa ntchito munthu akakhala kuti khansa yatsimikizika kale koma kanyama kanachepa, kapena wafooka moti sangabayidwenso, kapena mankhwala asiya kugwira ndipo tikufuna kudziwa chimene chasintha. Magazi akapeza kusinthako timakhulupirira n'kuyamba mankhwala. Akapanda kupeza sitikhulupirira msanga, chifukwa amaphonya pafupifupi munthu mmodzi pa anayi amene kanyama kakanamupeza. Ndikuganiza kuti zimene achimwene anu anamva ku Johannesburg ndi zimenezi, ndipo n'zothandizadi, koma pa nthawi yake.

Ndikuuzeninso zoona zokhudza bambo anu, kuti musaike mtima wonse pa mapiritsi. Kusintha kwa EGFR kumapezeka kwambiri pa mtundu wa khansa wotchedwa adenocarcinoma, pafupifupi 40 mpaka 50 pa 100 kum'mawa kwa Asia ndi 10 mpaka 15 pa 100 ku Ulaya, ndipo kumachepa kwambiri mwa amene asuta zaka zambiri. Munthu wosuta kuyambira unyamata akhoza kukhala ndi mtundu wa squamous kapena wa small cell, ndipo pa mitundu iwiri imeneyi kuyeza majini sikusintha zambiri. Chithandizo chake ndi kemo, radiotherapy (kuwotcha chotupa ndi cheza champhamvu), ndi mankhwala odzutsa chitetezo cha thupi kumene akupezeka. N'chifukwa chake maikulosikopu younikira kanyama kaja imayamba. Ndiyo imatiuza ngati kuyeza majini kuli koyenera n'komwe.

Komanso mwina si khansa. M'mabowo amene TB yakale inasiya m'mapapo mumatha kumera nkhungu yotchedwa aspergillus, imene imatsokomoletsa magazi ndi kuondetsa. Mwa anthu amene ali ndi HIV, khansa ya Kaposi imatha kulowa m'mapapo. Amene anagwira ntchito m'migodi amakhala ndi zipsera za fumbi la miyala. TB yeniyeni nayonso nthawi zina imabisala ku makina. Sindikuwadzudzula amene anayambitsa bambo mankhwala a TB, chifukwa kwathu kuno munthu wotsokomola ndi kuonda kawirikawiri imakhaladi TB. Chimene chimandiwawa ndi pamene munthu wosapeza bwino amangopitirizidwa miyezi isanu ndi umodzi, kenako n'kuyambitsidwanso kachiwiri, popanda wofunsa ngati kuli matenda ena. Ambiri amene timawapeza ndi khansa ya m'mapapo amafika atadutsa njira imeneyi, nthawi yabwino itapita. Miyezi iwiri popanda kusintha, makhololo atayezedwa kawiri osapezeka kanthu, ndi chifukwa chokwanira chopemphera kuti aonedwenso.

Ndiye chitani izi. Bambo asasiye okha mankhwala a TB. Bwererani nawo kumene akulandira mankhwalawo sabata ino, osadikira tsiku limene analembedwa, ndipo nenani momveka kuti: asuta zaka zoposa 40, akutsokomola magazi, sikelo ikutsikabe, tikupempha kalata yopita kuchipatala chachikulu kuti akawaunike ngati si khansa. Ku Queen Elizabeth ku Blantyre ndi ku Kamuzu Central ku Lilongwe kuli madokotala a khansa ndi ounika tinyama. Tengani buku lawo la kuchipatala, zotsatira za makhololo ndi zithunzi zonse za X-ray, ngakhale zakalekale, chifukwa kuyerekeza chithunzi cha lero ndi cha zaka zitatu zapitazo kumatiuza zambiri. Ngati sanayezedwe HIV posachedwa, ayezedwe. Ngati makina a CT a boma ali ndi mzere wautali kapena awonongeka, apa mpamene ndalama za achimwene zingagwire ntchito yake yoyamba, kukajambulitsa kuchipatala cholipira.

Kutapa kanyama sikutanthauza opaleshoni yaikulu nthawi zonse. Dokotala apapase pamwamba pa fupa la pakati pa khosi ndi phewa. Pakakhala mwanabere wolimba, akhoza kutapa pamenepo mosavuta atabaya jekeseni wa dzanzi. Ngati m'chifuwa muli madzi, madziwo akhoza kupopedwa n'kuunikidwa maselo ake. Zikakanika izi ndiye pamabwera bronchoscopy kapena singano yolondoleredwa ndi CT. Anthu ambiri amaopa kuti chotupa chikakhudzidwa ndi chitsulo chimafalikira. Zimenezi zimachitika mwa apo ndi apo kwambiri, ndipo ngozi yake ndi yaing'ono poyerekeza ndi kukhala osadziwa chimene mukulimbana nacho.

Pali kanthu kena kamene mabanja ambiri sakadziwa, ndipo kamapulumutsa ndalama. Kanyama kakafika kulabu amakaviika m'mankhwala a formalin, kenako amakakwirira m'phula ngati la kandulo, n'kupanga kachibuloko kocheperapo pa bokosi la machesi, kokhala ndi nambala ya wodwala pambali. Pa kachibuloko kameneka amasenga tizigawo topyapyala kuposa pepala tokaika pa galasi. Chotsalacho chimasunga DNA ya chotupa kwa zaka, sichifuna firiji, ndipo chikhoza kutumizidwa mu envulopu kulabu ya ku South Africa bambo ali kunyumba. Choncho tsiku lotapa kanyama muuzeni dokotala kuti banja likhoza kudzafuna kuyezetsa majini, kuti atape kokwanira ndipo a kulabu asakamalize konse. Ngati pali kusankha, kanyama ka pafupa si kabwino pa ntchito imeneyi, chifukwa asidi amene amafewetsera fupa amawononga DNA. Zotsatira zikatuluka, pemphani pepala lake ndi nambala ya kachibulokoko.

Zikadzapezeka kuti ndi adenocarcinoma, khalani pansi ndi dokotala wa khansa, achimwene ali pafoni, ndipo funso loyamba likhale la mankhwala, osati la kuyeza. Kuyeza EGFR ndi ALK zokha n'kotsika mtengo ndipo kumatenga masiku ochepa. Kuyeza majini ambirimbiri nthawi imodzi kumadula kwambiri ndipo kumatenga pafupifupi masabata awiri, koma kukhoza kukupezerani jini imene mankhwala ake simungawapeze kapena kuwakwanitsa mwezi ndi mwezi. Erlotinib ndi gefitinib analowa pa mndandanda wa WHO wa mankhwala ofunika mu 2019, ndipo alipo opangidwa ndi makampani a ku India otsikirapo mtengo. Osimertinib, amene amagwira nthawi yotalikirapo ndiponso amafika bwino ku ubongo, ndi wodula kwambiri. Kwa banja la ndalama zowerengeka, ine ndimalangiza kuyamba ndi majini awiri aja, chifukwa ndi amene yankho lake lingasinthe zimene bambo adzamwe.

Podikira zonsezi musalole kuti azivutika. Ululu, befu ndi kusowa tulo zili ndi mankhwala, kuphatikizapo morphine wakumwa, ndipo a chisamaliro chochepetsa ululu, monga a Tiyanjane ku Queen Elizabeth, sayembekezera kuti munthu afike kumapeto. Fodya asiye lero, chifukwa ngakhale pano kusiya kumathandiza kupuma ndiponso kupirira chithandizo. Ndipo mukaona atsokomola magazi ambiri osati timadontho, nkhope ndi khosi zatupa makamaka m'mawa, msana ukuwawa miyendo n'kumafooka, kapena ayamba kusokonezeka mutu, musadikire kalata. Pitani nawo kuchipatala tsiku lomwelo.